Marjana Deržaj: mmene mungapezere, kusiyanitsira ndi kusungira nyimbo zake

Munthu wofuna kudziwa ntchito ya Marjana Deržaj powerenga zimbale zake chimodzi pambuyo pa chinzake, monga timachitira ndi oimba a masiku ano, sapita patali. Mayi ameneyu, woimba wa ku Slovenia, anabadwira ku Ljubljana, likulu la dzikolo, pa 23 Meyi 1936 ndipo anamwalira pa 18 Januwale 2005. Anatchuka pa nthawi imene nyimbo inkayambira pa wailesi kapena pa mpikisano, mbale n'kumabwera pambuyo, nthawi zina osabwera n'komwe. Choncho ntchito yake imatsatidwa nyimbo imodziimodzi: anaipeka ndani, anaiimbira kuti, zida ankaimba ndani, ndipo tepi yake inakathera pa mbale iti.

Nthawi imeneyo Slovenia inali mbali ya dziko la Yugoslavia, ndipo inadzaima payokha mu 1991. Olankhula chilankhulo cha ku Slovenia ndi pafupifupi 2 miliyoni basi, msika wochepa kwambiri kwa kampani yodinda mbale. Amene ankasunga oimba ndi wailesi. Radio Ljubljana, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 1928, inali ndi bandi yakeyake ya nyimbo zovina imene Bojan Adamič anaikhazikitsa mu 1945. Mu 1961 utsogoleri wa bandiyi unapita kwa Jože Privšek, ndipo mpaka lero ikadalipo, dzina lake ndi Big Band RTV Slovenija (RTV Slovenija ndi bungwe la wailesi ndi kanema la dzikolo). Woimba akaitanidwa ku situdiyo ya wailesi ankajambula nyimbo kuti ikasungidwe m'nkhokwe ya wailesiyo ndi kumaulutsidwa. Zoti igulitsidwe m'sitolo zinali nkhani ina.

N'chifukwa chake chaka chimene nyimbo inajambulidwa ndi chaka chimene inatuluka pa mbale zimatha kutalikirana kwambiri. CD yolembedwa 1998 ikhoza kukhala ndi mawu a 1963. Apa ndi pamene anthu ambiri olemba mndandanda wa nyimbo zake amaphonya.

Dzina la Deržaj linadutsa malire a Slovenia mu 1958, pa mpikisano woyamba wa nyimbo wa ku Opatija, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Croatia, kumene anaimba nyimbo ya Privšek yotchedwa "Vozi me vlak v daljave". Koma zaka zimene zinamuika pamene ali lero ndi zitatu zotsatizana, 1962, 1963 ndi 1964, pa mpikisano wa Slovenska popevka. Mpikisano wa nyimbo za ku Slovenia umenewu unayambira m'tauni ya Bled mu Meyi 1962, unachitikiranso komweko chaka chotsatira, kenako mu 1964 unasamukira ku Ljubljana.

Chaka choyambacho inapambana ndi "Mandolina", imene anthu amaikumbukira ndi mawu a Stane Mancini. Deržaj anaimba "Zemlja pleše", yopekedwa ndi Mojmir Sepe, mawu ake olembedwa ndi Gregor Strniša. Sinatenge mphoto yaikulu, komabe yakhalitsa kwambiri. Strniša (1930–1987) anali mlakatuli weniweni, wa ndakatulo zolemera ndi zamdima, ndipo mawu a nyimbo zovina ankalemba kuti apeze chakudya. Zimenezi zimamveka: m'nyimboyi dziko lapansi likuvina pakati pa nyenyezi, mwezi ndi nyenyezizo zikuimba zida za jazi. Woimba wofuna kudzionetsa akanaiwononga. Deržaj amatchula liwu lililonse momveka, sakokera mawu, ndipo amayenda mopepuka pamwamba pa malipenga osalimbana nawo. Kwa ine luso lake lagona pamenepo, osati pa kukula kwa mawu.

Mu 1963 kunabwera "Orion", mawu a Strniša yemweyo, nyimbo ya Jure Robežnik. Mu 1964 anaimba "Poletna noč", yopekedwa ndi Sepe, mawu a Elza Budau, ndipo inapambana. Iyi ndi yodekha, yokumbukira usiku wina wa m'chilimwe, ndipo yakhala ngati chizindikiro cha nthawi yonseyo, moti konsati ya chaka ndi chaka ya RTV Slovenija imadziwika ndi dzina lomweli. Ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya, Deržaj sanakaimirireko Yugoslavia. Nyimbo yoyamba ya m'chilankhulo cha ku Slovenia kumeneko inali "Brez besed" mu 1966, yopekanso Sepe ndi Budau, koma anakaimba ndi Berta Ambrož ku Luxembourg n'kukhala wa nambala 7.

Pali mwambo umodzi wa mipikisano ya nthawi imeneyo umene wosonkhanitsa nyimbo ayenera kuudziwa asanagule chilichonse. Chimene chinkapikisana ndi nyimbo, osati woimba. Pofuna kuti oweruza ayeze nyimboyo payokha, inkaimbidwa kawiri ndi oimba awiri osiyana, ndiponso zida zitakonzedwa mosiyana, kawirikawiri ulendo wina ndi gulu lalikulu, ulendo wina ndi kagulu kochepa. "Poletna noč" anaiimbanso Beti Jurković, woimba wa ku Croatia. "Orion" anaiimbanso Katja Levstik. Tsono mbale ikhoza kulembedwa dzina la mpikisano, chaka cholondola ndi mutu wa nyimbo wolondola, koma mawu ali mkatimo n'kukhala a munthu wina. Sikuti wogulitsayo wakunamizani ayi. Mwangogula mbali inayo.

Kuwonjezera apo pali oimba a pambuyo amene anabwereza nyimbozi. Gulu la Videosex linajambula "Zemlja pleše" m'zaka za m'ma 1980 ndi zida za magetsi, ndipo pa intaneti imeneyi imatha kubwera pamwamba pa yoyambirira. Ndi yabwino ndithu mwa njira yake, koma ndi chinthu china.

Kuwerenga pepala la pakati pa mbale

Makampani amene mudzakumane nawo kwambiri ndi anayi. Jugoton ya ku Zagreb inayamba mu 1947, ndipo lero ndi Croatia Records. PGP-RTB inali ya wailesi ya ku Beograd. Helidon ndi ZKP RTV Ljubljana zinali za ku Slovenia komweko, koma zinabwera mochedwa, nyimbo zitatu zija zitatchuka kale. Mfundo imeneyi yokha imathandiza: mukaona nyimbo ya 1962 pa mbale ya Helidon kapena ya ZKP, dziwani kuti mbaleyo sinatuluke m'chaka chimenecho. Mwina ndi tepi yakale yotulutsidwa pambuyo, mwina ndi kujambula kwatsopano.

Nambala ya mbale imakuuzani mtundu wake musanaitulutse m'chikuto. Kwa Jugoton, SY ndi kambale ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, EPY ndi kambale ka nyimbo zinayi, LPY ndi chimbale chachikulu cha mono (mawu onse m'njira imodzi), LSY cha sitiriyo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja). Kwa Helidon zilembo ndi FSP pa kakang'ono ndi FLP pa chachikulu. Kwa ZKP, SD ndi kambale, LD ndi chimbale, KD ndi kaseti. Nambala yomweyo imatha kukhalanso itazokotedwa pa malo osalala apakati pa mzere womaliza ndi pepala. Ipendeketseni mbale pa kuwala kuti muiwerenge. Ikasiyana ndi ya pa chikuto, mwina mbale inalowa m'chikuto cha inzake, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi timbale takale ta m'misika ya zinthu zakale.

Mawu ochepa a pa pepalalo ndi ofunika kuwadziwa. "Glasba" akuloza wopeka nyimbo, "besedilo" wolemba mawu, "priredba" kapena "aranžma" wokonza zida, "poje" woimba, "dirigent" wotsogolera gulu, ndipo "posneto" ndiye kuti "inajambulidwa", chaka kapena malo n'kutsatira. Pa mbale zodindidwa ku Zagreb kapena ku Beograd mungapeze "pjeva" kapena "peva" m'malo mwa "poje". Pansi pa mutu wa nyimbo mayina amakonda kundandalikidwa chonchi: wopeka, wolemba mawu, wokonza zida. Dzina lachitatulo ndi limene limasiyanitsa kujambula kuwiri kwa nyimbo imodzi, choncho musalisiye polemba.

Pofufuza pa intaneti, zilembo č, š ndi ž zimasokoneza. Yesani njira zonse ziwiri, Deržaj ndi Derzaj, chifukwa ogulitsa ambiri salemba kachizindikiro kapamwambako. Dzina loyamba limasinthanso mathero malinga ndi malo ake m'chiganizo: Marjana, Marjane, Marjani, Marjano, ndipo m'nyuzipepala zakale mupeza Deržajeva. Mukalemba "Marjan Deržaj" mopanda "a" womalizayo mwalemba dzina lachimuna. Pa malo ofufuzira, Discogs ili ndi zithunzi za zikuto ndi manambala, koma amalembamo ndi anthu wamba ndipo chaka chimatha kukhala chongoganizira. COBISS, kaundula wa malaibulale a ku Slovenia, ndi wodalirika kwambiri pa zaka ndi mayina chifukwa amalemba ndi anthu a ku laibulale ali ndi mbaleyo m'manja. Manyuzipepala akale osungidwa pa dLib.si amathandiza kutsimikiza kuti anaimba nyimbo yakuti pa mpikisano wa chaka chakuti ndani.

Ngati muli ndi mafayilo awiri a nyimbo imodzi ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi kujambula kumodzi, musadalire kutalika kokha, chifukwa masekondi awiri kapena atatu amatha kusiyana ndi liwiro la makina. Ikani onse awiri mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, wina pamwamba wina pansi, mugwirizanitse kugunda koyamba kwa ng'oma, kenako muone pamene woimba akupumira. Ngati akupumira malo omwewo ndipo kusiyana kukukula pang'onopang'ono mofanana mpaka kumapeto, tepi ndi imodzi, liwiro ndi limene lasiyana. Ngati pena wina akutsogola pena akutsalira, ndi maulendo awiri osiyana a mu situdiyo. Mawu a munthu amatsikanso ndi kukhuthala akamakula, choncho Deržaj wa zaka 26 ndi wa zaka 50 khutu limawasiyanitsa.

Kuliza timbaleti osatiwononga

Kambale ka mainchesi 7, pafupifupi masentimita 17.5, kamazungulira maulendo 45 pa mphindi. Tina tili ndi bowo lalikulu la mamilimita 38, ndipo timafuna kachipangizo kotsekera pakati. Mukakaika mwa maso chabe popanda kachipangizoko, kambale kamakhala kotsamira mbali imodzi, ndipo mawu amakwera ndi kutsika kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndiye kuti pa sekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa atatu. Pa nyimbo yothamanga simungazindikire msanga, koma pa "Poletna noč", pamene mawu ndi mavayolini amakokedwa motalika, zimamveka ngati tepi yotafunidwa. Yang'anani mkono wa singano: ukamapita uku ndi uku mbale ikuzungulira, pakati sipali bwino.

Yambani ndi kutsuka. Fumbi la zaka 60 limakhala litamatirira pansi pa timizere, ndipo singano ikadutsapo imalikanikizira mkati. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa opanda mchere (distilled water), magawo anayi, ndi gawo limodzi la isopropyl, womwe ndi sipiriti wotsukira, kuwonjezerapo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wopanda mafuta onunkhira pa theka la lita. Pakani ndi burashi yofewa motsatira mizere, osati moidula, ndipo pepala la pakati lisanyowe chifukwa inki yake imasuluka. Tsukuluzani ndi madzi okhaokha, muimike mbaleyo mpaka iume. Madzi a pa mpopi amasiya timiyala ting'onoting'ono m'mizere, ndipo kuthetheka kumachuluka kuposa poyamba. Chenjezo limodzi lalikulu: mbale zolemera, zosweka msanga, za maulendo 78 pa mphindi zinapangidwa ndi shellac, ndipo isopropyl imaisungunula. Zimenezo ndi madzi okha. Zimafunanso singano yakeyake yokhuthala, ya pafupifupi 3 mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi), pamene ya timbale ta 45 ndi ya 0.7 mpaka 1 mil.

Kulemera kwa singano pa mbale kukhale kumene wopanga katiriji (kachipangizo kogwira singano) analemba, kawirikawiri pakati pa magalamu 1.5 ndi 2.5. Yezani ndi kasikelo, musakhulupirire manambala a pa chitsulo cha kumbuyo kwa mkono. Anthu ambiri amapepukitsa poganiza kuti akuteteza mbale. Zoona zake n'zosiyana: singano yopepuka kwambiri imadumphadumpha m'mzere pamene malipenga akuwomba mwamphamvu, n'kumagumula m'mbali mwake, ndipo pogumukapo sipabwereranso. Mukamva chilembo "s" kapena "š" chikung'ambika, onani kaye kulemerako ndi ukhondo wa singano musanaimbe mlandu mbale. Pa EP, kambale ka nyimbo zinayi kaja, vutoli limakula pa nyimbo yachiwiri ya mbali iliyonse, chifukwa pafupi ndi pakati mzere umadutsa pang'onopang'ono pansi pa singano ndipo mawu amakhala othinana. EP imamvekanso motsika kuposa kambale ka nyimbo imodzi, poti mphindi 6 kapena 7 zinapanikizidwa pa malo a mphindi zitatu kapena zinayi.

Liwiro liyezedwe ndi kapepala ka mizeremizere kopangidwira ntchitoyi kapena ndi pulogalamu ya pa foni. Kuphonya ndi 1 peresenti kumasuntha mawu pang'ono moti woimba zida yekha ndi amene angamve. Kukafika 6 peresenti nyimbo yonse yakwera kapena kutsika ndi theka la sitepe, ndipo mawu a woimba asanduka a munthu wina. Pa makina oyendera lamba, lamba wotha ndiye amayambitsa zimenezi nthawi zambiri.

Kusamutsira pa kompyuta

Chingwe chochokera ku galamafoni chisalowe mwachindunji mu kompyuta. Podinda mbale mawu apansi amachepetsedwa ndipo apamwamba amakwezedwa, mpaka pafupifupi madesibelo 20 kumalekezero onse awiri, motsatira muyezo wa RIAA. Pamafunika phono preamp yobwezeretsa zimenezo ndi kukweza mphamvu. Popanda iyo mudzamva mawu otsika, owonda, besi kulibe. Kuipanso kwake, ngati galamafoni ili kale ndi preamp mkati ndipo mwailumikizanso pa bowo lolembedwa "phono", kukonzako kumachitika kawiri ndipo zonse zimangokhala phokoso la besi losweka. Mukamva kung'ung'uza kosalekeza, kawaya kakang'ono kopita pa chitsulo cha amplifaya sikanamangidwe.

Jambulani pa 24-bit, pa 48 kapena 96 kHz, ndipo pamene nyimbo yakwera kwambiri pasadutse madesibelo 6 pansi pa ziro. Fayilo ya WAV ya 24-bit pa 96 kHz imadya pafupifupi 35 MB pa mphindi, ndiye kuti nyimbo ya mphindi zitatu ndi pafupifupi 100 MB. Fayilo ya mtundu wa FLAC imachepetsako popanda kutaya kanthu. Fayilo yoyambayo isungeni osaikhudza, muzigwira ntchito pa kope lake.

Timbale ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ndi ta mono, ndipo apa pali njira imene imathandiza kuposa pulogalamu iliyonse yochotsa phokoso. Jambulani mu sitiriyo, muchotse kaye kuthetheka kwakukulu pamene mbali ziwirizo zikadali zosiyana, kenako muziphatikize kukhala imodzi. Nyimbo ya mono inalembedwa m'mzere mopita uku ndi uku, pamene phokoso lambiri la fumbi ndi kuphwanyika limachokera ku kukwera ndi kutsika kwa singano. Mukaphatikiza, phokoso la mtundu wachiwiriwo limadzifafaniza lokha ndipo mawu a woimba amabwera kutsogolo. Mukaphatikiza musanachotse kuthetheka, pulogalamu imavutika kukusiyanitsa ndi kugunda kwa ng'oma. Ngati mbali imodzi ya mzere inaphwanyidwa ndi singano yoipa ya mwini wake wakale, tengani mbali yoyerayo yokha.

Pa kuchotsa phokoso la "sss" la kumbuyo, dzanja likhale lopepuka. Madesibelo 6 akwana. Mukapitirira, zoyamba kuchoka ndi mpweya wa woimba ndi kulira kwa timbale ta ng'oma, ndipo mavayolini amayamba kumveka ngati ali m'madzi. Ma CD ena osonkhanitsa nyimbo zakale ali ndi vuto lomweli, ena anawonjezedwa kamkokomo kapena sitiriyo yabodza. Kuti muzindikire sitiriyo yabodza, phatikizani mbali ziwirizo: mawu akafowoka kapena kumveka ngati akuchokera m'paipi, ndiye kuti inachita kupangidwa kuchokera ku mono. Komabe, CD yotengedwa bwino kuchokera ku tepi ya wailesi, imene inkayenda masentimita 38 pa sekondi, imaposa kambale kotha kutalitali. Kukonda mbale yakale chifukwa chakuti ndi yakale sikuthandiza khutu. Kambaleko ndi kofunika chifukwa cha zimene kakukuuzani pa pepala lake, ndiponso chifukwa nyimbo zina za kuseri kwake sizinatulutsidwenso.

Makaseti a ZKP ali ndi mavuto awoawo. Tepi yake imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo mutu wowerenga ukapendekeka pang'ono chabe mawu apamwamba amasowa. Pali kasikuluwu pambali pa mutuwo: katembenuzeni pang'onopang'ono mukumvetsera mu mono mpaka mawu atawala kwambiri. Dolby, batani lochepetsa phokoso la tepi, muiyatse pokhapokha chizindikiro chake chili pa kasetiyo, apo ayi mawu amazimiririka. Kathonje kakang'ono ka pansi pa tepi kakagwa, mawu amabwera ndi kuchoka, ndipo kamafunika kumatidwanso musanapitirize.

Kusunga kope la m'nyumba ndi kufalitsa pa intaneti ndi zinthu ziwiri. Ku European Union, kumene Slovenia inalowa mu 2004, nyimbo yopekedwa imatetezedwa zaka 70 mwini wake atamwalira. Mojmir Sepe anamwalira mu 2020, choncho zopeka zake sizidzasiya kutetezedwa chaka cha 2090 chisanathe. Kujambulako pakokha kuli ndi ufulu wina, umene unakwezedwa kuchoka pa zaka 50 kufika pa 70. Za opeka ndi olemba mawu amayang'anira ndi bungwe la SAZAS, pamene matepi a wailesi ali m'manja mwa RTV Slovenija.

Pomaliza kusamutsa, lembani zonse mkati mwa fayiloyo, osati pa dzina lake pokha: mutu ndi zilembo zake zonse za č, š, ž, woimba, wopeka, wolemba mawu, wokonza zida, bandi ndi mtsogoleri wake, kampani, nambala ya mbale, mbali A kapena B. Zaka zilembedwe ziwiri m'malo osiyana, chojambulira ndi chotulukira. Sungani zolembazo mu UTF-8, chifukwa mapulogalamu ena akale amasandutsa "ž" kukhala chizindikiro cha funso, ndipo dzina la Deržaj limagawika pawiri m'kaundula wanu. Jambulaninso chithunzi cha pepala la pakati, mbali zonse ziwiri, ndi cha kuseri kwa chikuto, muziike m'foda imodzi ndi nyimboyo. Mbaleyo ilowe m'kathumba katsopano kamkati, iime chilili pa shelefu, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi.